Yunike ndi Mpira wa Zibowo

Yunike anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala m'mudzi wa kumapiri a Neno, kufupi ndi kwa Nsambe. Yunike ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mnzake Edina azisewera ndi iye yekha basi.

Edina anali mnzake wapamtima. Kusukulu ankapita limodzi. Kumadzi ankapita limodzi. Akapeza mbatata yootcha, ankainyema pakati.

Akaweruka kusukulu, ana a m'mudzimo ankasewera fulaye. Awiri ankaima, wina uku, wina uko. Ankagenda mpira wansanza. Wapakati ankazinda. Akazinda, ankathira mchenga m'botolo. Botolo likadzaza, ndiye kuti wapambana.

Pa fulaye panalibe woposa Yunike. Mpira ukabwera m'mwamba, ankawerama. Ukabwera m'munsi, ankadumpha. Diresi lake linali lalitali, lopitirira mawondo. Atsikana onse ankavala choncho masiku amenewo. Koma diresilo silinkamukola ngakhale pang'ono.

"Yunike! Yunike!" ana ankakuwa.

Edina ndiye ankakuwa kwambiri. Yunike ankanamizira kuti sakumva. Koma ankamva ndithu, ndipo zinkamukomera.

Tsiku lina kunabwera lole. Inakwera phiri ikulira. Fumbi linali koboo! Loleyo inaima pa kachipatala ka m'deralo. Munatsika namwino watsopano wochokera ku Zomba. Munatsikanso mwana wake wamkazi, dzina lake Jessie.

Jessie anali ndi nsapato zoyera. Anali ndi kachikwama kofiira. M'kachikwamamo munali timatabwa tinayi tokhala ndi zogwirira. Munalinso mpira wachikasu. Mpirawo unali wapulasitiki. Unali ndi zibowo paliponse.

"Mpira wobooka!" Yunike anaseka. "Kodi unadyedwa ndi makoswe?"

"Ayi," anayankha Jessie. "Anaupanga choncho. Amalume anandibweretsera kuchokera kunja. Tabwerani muone."

Khonde la chipatala linali lasimenti. Linali lalikulu. Linali losalala. Masana odwala akachepa, pakhondepo pankakhala popanda anthu. Jessie anamanga chingwe pa mipando iwiri. Analemba mizere pansi ndi khala. Kenako anamenya mpira ndi kathabwa.

Kho! Mpira unadumpha chingwe. Unanjanja pasimenti. Unanjanjanso.

"Awiri aime uku, awiri aime uko," anatero Jessie. "Mpira unjanje kamodzi. Ukanjanja, muubweze. Ayese ndani?"

"Ine!" anatero Edina.

Edina anagwira kathabwa. Jessie anamenya mpira. Edina anaubweza. Kho! Kho! Kho! Edina anadumpha ndi chimwemwe. Yunike anangopinda manja.

Lolemba kukhondeko kunapita ana anayi. Lachiwiri kunapita ana khumi. Lachitatu anyamata anasiya mpira wawo wamiyendo. Loweruka kunabwera ana ochokera kutsidya kwa mtsinje. Ena anayenda mtunda wautali, osadya kanthu.

Timatabwa ta Jessie tinachepa. Ana anayamba kusema tawo. Wina anazula thabwa pakhola la nkhunda. Wina anadula chitseko chakale cha bafa. Wina anabwera ndi mbale yachitsulo, ndipo amayi ake anamulondola ndi kamtengo. Masewerawa ana anawapatsa dzina. Ankati mpira wathabwa.

M'mudzi monse nkhani inali imodzi. Kumadzi, mpira wathabwa. Kusukulu, mpira wathabwa. Ngakhale potuluka m'tchalitchi, mpira wathabwa. Ana sankakuwanso kuti, "Yunike! Yunike!" Tsopano ankakuwa kuti, "Jessie! Jessie!"

Pabwalo la fulaye panali zii. Yunike anaima yekha. Botolo linali kudzanja ili. Mpira wansanza unali kudzanja linalo.

"Edina, tiye tikasewere fulaye," anatero Yunike.

"Dikira kaye. Jessie akundiyembekeza," anayankha Edina.

Tsiku lotsatira Yunike anafunsanso.

"Dikira kaye. Jessie akundiyembekeza," anayankhanso Edina.

Mtima wa Yunike unayamba kuwawa. Sanali malungo. Sichinali chimfine. Tisabise, inali nsanje. Akaona nsapato zoyera zija, nsanje. Akamva kho, kho, kho, nsanje. Akaona Edina akuseka ndi Jessie, ndiye nsanje yeniyeni.

Tsiku lina Edina anamukoka dzanja.

"Tiye ukayese, Yunike. Ndi zokoma. Iwe ndiwe wachangu. Uposa tonse."

Mawu akuti uposa tonse anamulowa Yunike mumtima. Anapita kukhonde kuja. Ana anamupatsa njira. Jessie anamupatsa kathabwa.

"Wakonzeka?" anafunsa Jessie.

"Menya basi," anayankha Yunike monyada.

Kho! Mpira unabwera m'mwamba. Yunike anawerama. Mpira unadutsa.

"Usazinde!" anakuwa Edina. "Uumenye!"

Kho! Mpira unabwera m'munsi. Yunike anadumpha. Mpira unadutsanso. Mutu wake unkati menya. Koma miyendo yake inazolowera fulaye. Miyendoyo sinkamva.

Kho! Mpira unabwera pamimba. Yunike anapotokola thupi bwino kwambiri. Mpira sunamukhudze ngakhale diresi. Pa fulaye akanamuombera m'manja. Apa ana onse anaphulika kuseka. Ena anagwa pansi. Jessie anabisa nkhope. Edina nayenso anaseka mpaka misozi.

Yunike anataya kathabwa kaja. Anathamangira kwawo osacheuka. Akanaseka ana ena okha, Yunike sakanadandaula. Koma Edina! Zimenezo ndiye zinamupweteka. Tsiku lonse anangoti ndwii. Amayi atamufunsa, anati mutu.

Lachinayi linali tsiku la sikelo. Amayi anabereka Clara, mng'ono wake wa Yunike. Anatenga khadi la sikelo. Anatenganso khadi la chipani, poti masiku amenewo linkafunika paliponse. Makhadiwo anawamanga pansonga ya chitenje. Yunike anawaperekeza, atanyamula thewera ndi botolo la madzi.

Mkulu wa pachipatalapo anali a Kalisto. Anthu onse ankawaitana kuti a dokotala. Anali munthu wamtali, wa magalasi. Yunike anawaona akutuluka muofesi. Amayi anali pamzere. Sankamuona. Yunike anapita msangamsanga, nagwada.

"Muli bwanji, a dokotala?"

"Ndili bwino, mwanawe. Kwagwanji?"

"Agogo ena ogona m'katimu akudandaula. Akuti phokoso la mpira likuwapweteka mutu."

"Agogo ake ati?" anafunsa a Kalisto.

"Aja ovala duku," anayankha Yunike, akuyang'ana pansi.

Nanga alipo agogo osavala duku? Linali bodza. Yunike anadziwa kuti ndi bodza. Koma sanabweze mawu.

Masana ana anabwera ndi timatabwa tawo. Anapeza a Kalisto ataima pakhonde. Mipando iwiri ija inali italowa m'kati.

"Ana inu, pano ndi pachipatala," anatero a Kalisto. "Odwala akudandaula. Kuyambira lero, mpira pano ayi."

Ana anayang'anana. Jessie anatola chingwe chake. Onse anachoka mwakachetechete.

Anakayesa pabwalo la sukulu. Panali fumbi lokhalokha. Jessie anamenya mpira. Unagwa m'fumbi, phu! Sunanjanje. Unangogona pomwepo. Anakayesa kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko kunali kotsetsereka. Mpira unagubuduka mpaka m'munda wa mbatata ya kachewere. Anakayesa pamsewu. Panali miyala, ndipo mpira unkangopita kumene wafuna.

Yunike ankaonerera ali patali. Anamwetulira. Anathamanga kukatenga botolo ndi mpira wansanza.

"Tiyeni fulaye!" anakuwa. "Edina, tiye!"

Edina sanabwere. Anakhala pamwala ndi Jessie. Jessie ankalira. Edina anamugwira dzanja. Anamupukuta misozi ndi nsonga ya diresi lake. Yunike anaona zonsezo. Nsanje ija sinathe. Inakula.

Tsiku lotsatira Edina anapeza nzeru.

"Jessie, tizire pansi," anatero. "Tizire monga timachitira m'nyumba. Palimba ngati simenti."

Awiriwo anatenga matope kumtsinje. Anathira madzi ambiri. Anapaka matopewo pamwamba pa fumbi. Dzuwa linali liswa mtengo. Anapaka, anapaka, mpaka nsapato zoyera zija zinasanduka zakuda. Kutacha anathamanga kukaona. Ponse panali ming'alu. Matope anali atatukuka. Mbuzi nazo zinali zitasiyapo mapazi awo.

Yunike anadutsa pomwepo ndi ndowa pamutu. Anaima. Anaseka mokweza kuti amve.

"Amazira choncho ku Zomba, eti?" anatero.

Jessie anawerama. Yunike anapitiriza ulendo wake. Koma kuseka kuja sikunamukomere. Ndowa inkangomulemera.

Kwawo kwa Yunike ankalima tirigu. Munda wawo unali pamwamba pa phiri. Tsiku limenelo abambo ake, a Gerishon, anabwera ndi ngala imodzi m'manja.

"Tirigu watsala pang'ono kucha," anatero. "Pakatha masabata atatu tidula. Tiyeni tikonze bwalo lopunthirapo."

Ntchito inayamba m'mamawa. Abambo anasalaza pansi ndi khasu. Anachotsa fumbi lonse mpaka anafika polimba. Amayi ndi Yunike anatuta dothi la pachulu. Anatuta dengu loyamba. Anatuta dengu lachiwiri. Anatuta madengu ambirimbiri, mpaka khosi la Yunike linauma.

"Tola timiyala tonse," anatero amayi. "Madzi uziwaza pang'onopang'ono. Lisakhale phala."

Yunike anatola timiyala. Anawaza madzi pang'onopang'ono. Abambo anatsindira dothi ndi chipika. Di! Di! Di! Amayi anazira pamwamba pake ndi manja. Atamaliza, anafunditsa bwalo lonse ndi udzu.

"Udzuwu ndi wa chiyani, amayi?" anafunsa Yunike.

"Kuti liume pang'onopang'ono," anayankha amayi. "Likauma ndi dzuwa, ling'ambika. Tirigu alowa m'ming'alu. Ndiye tidya chiyani?"

Patatha masiku atatu anachotsa udzu. Amayi anatulutsa nkhulungo ziwiri. Nkhulungo ndi mwala wosalala wa kumtsinje. Yunike anagwada. Anakulungiza bwalo ndi mwalawo. Anakulungiza m'mawa. Anakulungiza masana. M'manja mwake munatuluka matuza. Bwalo linayamba kunyezimira. Panalibe mng'alu ngakhale umodzi.

Yunike anaimirira kuti awongole msana. Nkhulungo inapulumuka m'manja. Inagwa pabwalo. Kho! Inanjanja pang'ono, n'kugubuduka.

Yunike anatsegula maso kwambiri. Anaponda pansi ndi chidendene. Panali gwaa, ngati khonde lija. Pomwepo anaganiza za Edina. Anathamanga kukamuitana.

Edina anabwera monyinyirika. Koma ataona bwalolo, anagwira pakamwa.

"Eee! Yunike! Ngati simenti!"

"Ndakulungiza ndine," anatero Yunike. "Pita ukabwereke mpira kwa Jessie. Tizisewera pano awiriwiri."

"Nanga Jessie?"

"Jessie asabwere. Bwaloli ndi lathu."

"Koma mpira ndi wake," anatero Edina. "Jessie akungokhala yekha. Chichokereni pakhonde paja, ana onse anamusiya. Kuno alibe m'bale aliyense."

"Jessie, Jessie, Jessie!" anakuwa Yunike. "Ndatopa naye! Ndipo kwa a dokotala ndinakanena ndine! Agogo odandaula kunalibe!"

Yunike anagwira pakamwa. Koma Edina anali atamva kale.

"Iwe?" anatero Edina motsitsa mawu. "Unanama ndiwe?"

Yunike anayang'ana pansi.

"Ndiye khala ndi bwalo lakolo. Ine sindibweranso kuno."

Edina anatembenuka. Anatsika njira osacheuka. Yunike anatsala yekha pakati pa bwalo. Linali bwalo lokongola kwambiri. Linali lalikulu. Linali losalala. Koma panalibe wosewera naye. Anakhala pansi nayamba kulira.

Amayi anali kuseri kwa nkhokwe. Ankapeta nyemba, ndipo anamva zonse. Anaika lichero pansi. Anabwera kudzakhala pafupi ndi Yunike.

"Unakanamiza a dokotala, mwanangu?"

"Inde, amayi."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinachita nsanje," anatero Yunike akusisima. "Jessie wanditengera Edina. Ali ndi mpira. Ali ndi nsapato. Ine ndili ndi botolo basi."

"Nanga utanama, Edina anabwerera?"

"Ayi."

"Utawaseka aja, anabwerera?"

"Ayi, amayi."

Amayi anatenga manja a Yunike. Anaona matuza aja. Anawauzira mpweya pang'ono.

"Tirigu sanache," anatero. "Bwaloli likhala chabe masabata awiri. Ana akamapondapo opanda nsapato, lilimba kwambiri. Ine sindikuletsa. Abambo akonso saletsa. Koma bodza lija ndi lako. Ukalikonze wekha."

"Ndikuchita manyazi, amayi."

"Ndikudziwa. Pita nawo manyaziwo. Sukusula kumaso kaye."

Yunike anasukusula. Anatsika phiri pang'onopang'ono. Kawiri konse anafuna kubwerera. Koma anafika pachipatala. A Kalisto anali pakhonde. Yunike anagwada.

"A dokotala, ndinakunamizani. Agogo aja sanadandaule. Pepani."

A Kalisto anavula magalasi. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Unalakwa, mwanawe," anatero. "Koma wachita bwino kubwera. Pakhonde pano musabwererenso, chifukwa odwala achuluka. Tsopano pita kwa amene unamulakwira kwambiri."

Nyumba ya anamwino inali kuseri kwa chipatala. Jessie anali pakhomo. Ankagubuduza mpira wake ndi chala. Ataona Yunike, anabisa mpirawo kumbuyo.

"Wabwera kudzandisekanso?" anafunsa Jessie.

"Ayi. Ndabwera kudzapepesa. Ndine ndinakuchotsetsani pakhonde. Ndinanama. Pepa, Jessie."

"Ndinakulakwira chiyani?"

"Palibe. Ndimafuna Edina akhale wanga ndekha."

Jessie anayang'ana mpira wake. Kenako anati, "Anzanga onse ndinawasiya ku Zomba. Kuno ndimadziwa Edina yekha."

Yunike anali asanaganizepo zimenezo. Manyazi anamugwiranso.

"Kwathu kuli bwalo," anatero. "Ndi lolimba. Mpira wako ukhoza kunjanja. Tiye ukaone. Koma nsapato ukavule."

Jessie anatenga kachikwama kake kofiira. Anatsanzika amayi ake. Awiriwo anakwera phiri. Anadzera kwawo kwa Edina. Edina anali kutsuka mbale. Atawaona ali limodzi, anadabwa.

"Tiye, Edina," anatero Jessie. "Yunike wapepesa. Akuti kwawo kuli bwalo."

Edina anapukuta manja. Sanamuyang'ane Yunike.

"Ndikupita chifukwa cha Jessie," anatero.

Mawuwo anamubaya Yunike. Ana ena anaona kachikwama kofiira kakukwera phiri. Anatola timatabwa tawo. Anawatsata m'mbuyo. Pofika kwa a Gerishon, anali gulu lalikulu.

Jessie anavula nsapato. Anaima pakati pa bwalo. Anagwetsa mpira. Kho! Unanjanja mpaka m'chiuno. Anaugwetsanso. Kho!

"Ukunjanja!" ana anakuwa. "Ukunjanja!"

Jessie anatulutsa chingwe. Mbali imodzi anamanga pamtengo wa nachesi. Mbali inayo panalibe pomanga. Panalibe mtengo. Panalibe mpando. Pankafunika munthu woti agwire. Ana onse anabisa manja kumbuyo. Aliyense ankafuna kusewera.

Yunike anayang'ana Edina. Anayang'ana Jessie.

"Ndigwira ine," anatero. "Edina, iwe khala mbali ya Jessie. Yambani."

Masewera anayamba. Edina ndi Jessie anaima uku. Ana ena awiri anaima uko. Kho! Kho! Kho! Edina anamenya bwino. Jessie anamuombera m'manja. Awiriwo anakumbatirana.

Kodi nsanje ya Yunike inali itatha? Ayi ndithu. Inamuluma pamtima pomwe. Anafuna kutaya chingwe. Anafuna kunena kuti bwaloli ndi lakwathu, chokani. Koma sananene. Anagwira chingwe zolimba. Chinkamupweteka pa matuza paja. Anachigwirabe.

Ana anasinthana. Ena analowa, ena anatuluka. Yunike anagwirabe chingwe. Dzanja ili likatopa, ankagwira ndi linalo. Palibe anamumva akudandaula.

Mpira unagubudukira kumapazi ake. Edina anabwera kudzautola. Atawerama, anaona manja a Yunike. Tuza limodzi linali litaphulika. Edina anaimirira pang'onopang'ono.

"Zikupweteka?" anafunsa.

"Pang'ono," anayankha Yunike.

Edina anatembenuka. A Gerishon anali atangofika kuchokera kumunda. Edina anapinda mawondo mwaulemu.

"Abambo, tigwirireniko chingwechi. Yunike asewere."

"Ine ndasanduka mtengo tsopano?" anatero a Gerishon akuseka. Koma anaika khasu pansi. Analandira chingwe.

Edina anagwira Yunike pamkono. Anamukokera mbali yake. Anamupatsa kathabwa.

"Nanga Jessie akhala ndi ndani?" anafunsa Yunike.

"Ndi ine!" anatero amayi.

Anamanga chitenje zolimba. Clara anali kumsana. Ana onse anakuwa ndi chimwemwe. Jessie anawaonetsa amayi kagwiridwe ka thabwa. Amayi anamenya mpira. Kho! Unadumpha chingwe bwinobwino. Clara anaseka kumsanako.

Yunike anaphonya mpira woyamba. Anaphonya wachiwiri. Wachitatu anaumenya, koma unakagwera m'khola la nkhuku. Amayi ndi Jessie anapambana mosavuta. Amayi anavina pang'ono. Abambo anati dzanja lawo lafa.

Yunike anawerama. Anapereka kathabwa kwa Edina.

"Ndakugonjetsetsa," anatero. "Tenga wina wodziwa."

Edina sanalandire kathabwako. Anakabweza m'manja mwa Yunike.

"Usachoke. Tibwereze."

"Ndi ine? Ndikungophonyatu."

"Ndi iwe," anatero Edina. "Uziphonya uli mbali yanga."

Yunike anapukuta m'maso ndi mkono. Anaima pafupi ndi Edina, phewa ndi phewa. Anakweza kathabwa kake.

"Abambo, kokani chingwe!" anakuwa. "Amayi, menyani!"